Mafunso a Owerenga: Subwoofer, Besi ndi Chipinda Chomveramo Nyimbo

Makalata ambiri a ulendo uno akudandaula za besi, mawu otsika kwambiri omwe amatulutsidwa ndi sipika yapadera yotchedwa subwoofer. Kwa ena yachuluka, kwa ena yasowa, ndipo ena yawadanitsa ndi oyandikana nawo nyumba. Tasankhapo angapo.

Funso: Zikomo akonzi. Ndili ndi subwoofer ya mainchesi 12 m'chipinda cha mamita 5 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi, ndipo siling'i ili pa mamita 2.7. Ndikakhala pasofa, yomwe ili pakati penipeni, besi imamveka yopyapyala. Ndikangoima pakona imagunda mpaka pachifuwa. Kodi ndinagula chowonongeka?

Yankho: Subwoofer yanu ili bwinobwino. Chikukuvutitsanicho ndi chipinda, ndiponso malo omwe mwaika sofa.

Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Funde la mawu la 40 Hz (logwedezeka ka 40 pa sekondi) ndi lalitali mamita 8.6, kuposa chipinda chanu. Funde lotere likamenya khoma limabwerera n'kukumana ndi linzake lomwe likubwera kumene. Pamalo ena awiriwa amaphatikizana mphamvu, pamalo ena amafafanizana. Gwedezani beseni la madzi uku ndi uku, mudzaona kuti m'mphepete madzi akukwera ndi kutsika kwambiri pomwe pakati akungokhala ngati sakusuntha. Mpweya wa m'chipinda umachita chimodzimodzi: kumakoma ndi m'makona besi imachuluka, pakati imazilala.

Mungathe kuwerengera nokha pomwe vutoli likugwera. Gawani 172 ndi kutalika kwa mbali iliyonse m'mamita. M'litali mwa chipinda chanu mupeza 34 Hz, ndipo zimabwerezanso pa 69 ndi pa 103. M'lifupi mupeza 43 Hz ndi 86. Kuchokera pansi kufika kusiling'i mupeza 64 Hz. Taonani kuti 64 ndi 69 zayandikana, choncho yembekezerani kuti chigawo chimenecho chizilindima kuposa zina. Taonaninso 43 Hz: chingwe chotsikitsitsa cha gitala ya besi ya zingwe zinayi chimalira pa 41 Hz, ndiye mukakhala pakati nkosadabwitsa kuti woimba besiyo akumveka ngati watuluka m'chipinda.

Musagule kanthu kaye. Sunthani sofa kuti makutu anu akhale pa mamita 1.9 kuchokera kukhoma lakutsogolo kapena lakumbuyo. Amenewa ndi magawo 38 pa 100 a kutalika kwa chipinda, malo omwe amisiri ambiri amayambira chifukwa amazemba pakati komanso amazemba gawo limodzi mwa magawo anayi, pomwe funde lachiwiri, la 69 Hz lija, limazilala. Si lamulo lokhwima, ndi poyambira chabe. Kuchokera pamenepo yesani masentimita 20 kutsogolo, kenaka 20 kumbuyo, nyimbo yake imodzimodziyo. Chomwe tingakuletseni ndi kugunditsa sofa kukhoma lakumbuyo, chifukwa pamenepo mafunde onse a m'litali amakhala pachimake ndipo besi imakhala yambiri koma yosasiyanitsa manotsi.

Amene ali ndi chipinda chofanana mbali zonse, monga mamita 4 kwa 4, ali pa ntchito yaikulu kuposa inu, pakuti litali ndi lifupi zimaunjikana pa 43 Hz pomwepo.

Funso: Ena amati subwoofer iziikidwa pakona, ena amati pakati pa masipika akuluakulu. Zoona ndi ziti?

Yankho: Zonse zingakhale zoona, malinga ndi chipinda. Pakona imakupatsani mphamvu yambiri mwaulere chifukwa makoma awiri ndi pansi zimathandiza kukankha mawu, koma pakona ndi pomwenso imadzutsa mafunde onse a chipinda nthawi imodzi. M'zipinda zina izi zimatuluka bwino, m'zina zimangolilima.

Njira yodalirika ndi yokwawa. Nyamulani subwoofer muiike pampando womwe mumakhalapo, m'mwamba mofanana ndi pomwe pamakhala mutu wanu ngati nkotheka. Ikani nyimbo ya besi yoyenda manotsi ambiri, osati ya ng'oma yogunda noti imodzi, ndipo kagawo kake ka masekondi 20 kazingobwereza. Tsono kwawani m'mphepete mwa makoma, khutu lili pafupi ndi pansi pomwe subwoofer ikadakhala. Musafune pomwe pakugunda kwambiri. Funani pomwe noti iliyonse ikumveka ndi mphamvu yofanana ndi inzake. Matani kachidutswa ka tepi pamalo awiri kapena atatu otero, kenaka bwezerani subwoofer pa amodzi mwa malowo, inu mukhale pampando. Izi zimatheka chifukwa mukasinthanitsa malo a chotulutsa mawu ndi a womvera, chipinda chimayankha mofanana.

Ngati subwoofer ili ndi bowo kumbuyo, isiyireni mpata wosachepera kukula kwa bowolo, ndipo kuwirikiza kawiri kuli bwino.

Funso: Kumbuyo kwa subwoofer yanga kuli mabatani atatu olembedwa gain, crossover ndi phase. Ndimangowapotokola mwachisawawa. Ndiwaike pati?

Yankho: Tiyambe ndi crossover, omwe ndi malire a pomwe masipika akuluakulu amasiyira ndipo subwoofer imayambira. Ngati muli ndi risiva (ampulifaya yolamulira masipika onse) ya kanema wa kunyumba, ntchito imeneyi ichitike mu risivayo. Kabatani ka pa subwoofer kapotokoleni mpaka kumapeto, kapena lowetsani chingwe pomwe palembedwa LFE (polowera besi ya m'mafilimu). Mukasiya zosefera mawu ziwiri, cha mu risiva ndi cha pa subwoofer, zikugwira ntchito pamodzi, pamalire pamatsala dzenje. Mu risiva ikani masipika onse pa small, ngakhale atakhala aatali ngati munthu. Dzinali limakhumudwitsa eni masipika odula, koma tanthauzo lake ndi lakuti besi yotsika ipite kwa yemwe anapangidwira ntchitoyo, ndipo masipika anu ndi ampulifaya zipepukidwe. Yambirani pa 80 Hz, mulingo womwe THX, kampani yoika miyezo ya mawu a mafilimu, inakhazikitsa. Masipika aang'ono kwambiri angafune 100 kapena 120 Hz, koma mukakwera choncho khutu limayamba kulozera pomwe subwoofer ili, ndiye iyenera kukhala kutsogolo, pafupi ndi masipikawo. Pali malo ena olembedwa LPF for LFE: asiyeni pa 120 Hz. Amenewo si crossover, ndi mapeto a njira ya besi ya m'mafilimu.

Ngati ampulifaya yanu ndi ya masipika awiri yopanda zosefera, masipika azitsika mpaka pomwe angathe, ndipo subwoofer ingodzaza m'munsi. Onani m'buku lawo pomwe amalekezera. Akalekezera pa 55 Hz, yambirani pomwepo. Aatali ofika 35 kapena 40 Hz, yambirani pa 40. Ambiri amalakwitsa poika pamwamba kwambiri, ndipo mawu a oimba aamuna amanenepa. Chenjezo kwa olumikiza subwoofer ku mawaya a masipika: ma ampulifaya ena, makamaka a Class D ndi olumikizidwa mwa bridge, mbali yawo yakuda si ground (mbali yopanda mphamvu ya magetsi). Mukamangirirapo waya wa ground wa subwoofer mungathe kuotcha ampulifaya. Werengani buku la zipangizo zonse ziwiri musanamange.

Phase, yomwe imasintha nthawi yomwe subwoofer ikukankhira mpweya, ndiye pomwe pamatayika besi yambiri anthu osadziwa. Pa 80 Hz sipika ndi subwoofer zimaimba noti imodzi. Zikakankha mpweya nthawi imodzi zimathandizana, koma ina ikakankha pomwe inzake ikukoka zimadyana. Ikani kulira kwa 80 Hz, khalani pampando wanu, wina azisintha pakati pa 0 ndi 180. Sankhani pomwe pamveka mokweza. Njira yolondola kuposa apa ndi iyi: tembenuzani dala kuti zidyane, sinthani mtunda wa subwoofer mu risiva pang'onopang'ono mpaka kulirako kutatsala pang'ono kuzimiririka, kenaka bwezerani phase. Khutu limagwira msanga pomwe mawu azilala kuposa pomwe akwera. Ndipo risiva ikapima yokha n'kunena kuti subwoofer ili pa mamita 4.5 pomwe tepi yanu ikuti 3, musaikonze. Zamagetsi za m'kati mwa subwoofer zimachedwetsa mawu pang'ono, ndipo kuchedwa kwa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi n'kofanana ndi masentimita 34. Risiva yawerengera kuchedwako.

Gain, yomwe ndi voliyumu ya subwoofer, ibwere pomalizira. Yambani kabatani kali pakati pa gawo limodzi mwa atatu ndi theka. Kulira koyesera kwa risiva kuyenera kufika 75 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu) pampando wanu pa sipika iliyonse, chopimira mawu chitatchunidwa pomwe palembedwa C ndi slow. Risiva ikatsitsa subwoofer mpaka kumapeto kwa mulingo wake, monga -12, ndiye kuti gain yachuluka: tsitsani mupimenso. Mukafuna kuwonjezera 2 kapena 3 dB pambuyo pake, palibe cholakwa, chifukwa khutu silimva besi mokwanira voliyumu ikakhala yotsika. Koma mukayamba kumva subwoofer payokha pa nyimbo iliyonse, mwapyola.

Funso: Ndalama zanga zikukwana subwoofer imodzi yaikulu kapena ziwiri zocheperapo. Ndisankhe chiyani?

Yankho: Ngati mumamvera ndi anthu ena, tengani ziwiri. Mu 2002 Todd Welti wa ku kampani yopanga zipangizo za mawu ya Harman anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti m'chipinda cha makona anayi, masubwoofer awiri oikidwa pakati pa makoma oyang'anana, kapena anayi, amachepetsa kwambiri kusiyana kwa besi kuchokera pampando wina kufika pa wina. Chifukwa chake nchosavuta. Funde loyamba la chipinda likakhala likukankha kukhoma lina, kukhoma loyang'anana nalo limakhala likukoka. Masubwoofer awiri okankha nthawi imodzi kumbali ziwirizo amalilepheretsa kudzuka. Imodzi, kaya ikule bwanji, singachite zimenezi.

Zikhale za mtundu umodzi, ndipo muzilinganize mphamvu iliyonse payokha musanaziyatse pamodzi. Kusakaniza ya bowo ndi yotseka kumabweretsa kudyana m'munsi. Imodzi yaikulu ipambane pokhapokha ngati mumamvera nokha pampando umodzi, kapena ngati ziwirizo ndi zazing'ono moti sizifika ngakhale 35 Hz.

Funso: Ndinapima chipinda ndi pulogalamu ya REW ndipo pali dzenje lakuya 15 dB pa 52 Hz. Ndakweza EQ (chokwezera kapena kutsitsira chigawo china cha mawu) pamenepo koma silikudzaza, subwoofer ikungotentha. Ndalakwitsa pati?

Yankho: Mwachita bwino kupima, ndipo tikulimbikitsa aliyense kutero. REW ndi yaulere, ndipo maikolofoni yopimira ya USB monga UMIK-1 ya miniDSP imabwera ndi fayilo yake yoikonzera. Iikeni pa sitandi pomwe pamakhala mutu wanu, osati m'manja kapena pamsana pa sofa. Mukailozetsa kusiling'i gwiritsani ntchito fayilo ya madigiri 90.

Dzenjelo ndi malo omwe mafunde awiri akufafanizana. Mukakweza mphamvu mumakweza onse awiri, ndipo amafafanizanabe. Pamenepo mukulipira modula: 3 dB iliyonse imafuna mphamvu yowirikiza kawiri, 6 dB kanayi, 10 dB kakhumi. Nchifukwa chake ampulifaya ya m'katimo ikutentha. Chotsani kukwezako lero lomwe.

Dzenje limachoka posuntha zinthu. Sunthani subwoofer theka la mita, pimani. Sunthani mpando, pimani. Ngati dzenjelo lili pafupi ndi crossover, yang'anani phase. Onaninso mtunda wa masipika akuluakulu kuchokera kukhoma lakumbuyo kwawo, chifukwa mawu obwerera kuchokera kukhomalo amafafaniza pa nambala yomwe mumapeza mukagawa 86 ndi mtundawo m'mamita. Sipika yomwe nkhope yake ili mita imodzi kuchokera kukhoma imataya besi cha pa 86 Hz, ya theka la mita cha pa 172 Hz.

EQ ntchito yake ndi kudula nsonga, manotsi omwe besi yachuluka kuposa ena. Nsonga ya 10 dB pa 66 Hz mukaidula ndi chosefera chopapatiza, kulilima kumachepa ndipo manotsi oyandikana nawo omwe anakwiririka amatulukira. Mapulogalamu odzikonzera okha monga Audyssey, Dirac Live ndi YPAO amagwira bwino ntchito imeneyi, makamaka pansi pa 200 kapena 300 Hz pomwe chipinda chimalamulira. Koma abwere pomalizira, malo a subwoofer ndi a mpando atakhazikika kale. Ndipo musapime malo amodzi okha. Pimani angapo mozungulira mutu, kuti musakonze chilema chomwe chimatha mukangopendeketsa khosi.

Funso: Ndamata siponji ya mano-mano khoma lonse, kwina ndaikako makatoni a mazira. Chipinda chafa, koma besi ikulilimabe. Bwanji?

Yankho: Mwameza mawu okwera n'kusiya otsika, ndipo chipinda chotero chimatopetsa kuposa chopanda kanthu. Chomeza mawu cha ulusi kapena siponji chimagwira bwino chikakhala chochindikala pafupifupi gawo limodzi mwa anayi a kutalika kwa funde. Pa 100 Hz amenewo ndi masentimita 86. Siponji ya masentimita 5 imathandiza m'mawu apakati ndi okwera okha, besi imangodutsamo. Makatoni a mazira ndiye achotseni onse. Sameza kanthu kooneka, ndipo amayaka moto msanga.

Simufunika masentimita 86 khoma lonse. Pangani mafelemu a matabwa a masentimita 60 kwa 120, mudzazemo ulusi wa rockwool kapena fibreglass wolimba wochindikala masentimita 10 kapena kuposa. Kutirani ndi nsalu yopitsa mpweya: iikeni pakamwa muuzire, mpweya ukadutsa mosavuta ndiye yoyenera. Podula valani magolovesi, chotseka pamphuno ndi magalasi, chifukwa ulusiwu umayabwa ndipo si wabwino kuupuma. Mafelemuwa muwaimike mopingasa m'makona kuchokera pansi mpaka kusiling'i, kuti kumbuyo kwake kutsale mpata wa mpweya. Mpatawo ndi wofunika kwambiri. Pakhoma penipeni mpweya umapanikizika kwambiri koma suyenda, ndipo ulusi umameza pokhapokha mpweya ukuyenda m'kati mwake, choncho felemu yotalikira khoma masentimita 10 imafika m'munsi kuposa yomamatira. Mukatero muyembekezere kusintha koonekeratu kuyambira cha pa 80 kapena 100 Hz kupita m'mwamba. Pansi pa 50 Hz zidzathandiza pang'ono chabe, ndipo kumeneko dalirani malo oikapo, subwoofer yachiwiri ndi EQ.

Kwina koyenera mafelemu ndi pomwe mawu a masipika amayamba kunjanja asanafike kwa inu. Khalani pampando, wina ayendetse kalilole pakhoma la m'mbali pa msinkhu wa makutu anu. Paliponse pomwe mwaona sipika m'kalilolemo, ikanipo felemu. Chitani mbali zonse ziwiri mofanana, ndi kusiling'i ngati mungathe. Pansi pakati pa inu ndi masipika payalidwe kapeti yochindikala. Makoma otsala asiyeni, kapena muikeko shelefu ya mabuku kuti mawu amwazike. Masipika awiri ndi mutu wanu zipange makona atatu ofanana mbali, timasipika ta mawu okwera tili pa msinkhu wa makutu.

Funso: Subwoofer ya bowo ndi yotseka, yabwino pa nyimbo ndi iti?

Yankho: Mawu akuti yotseka ndi ya nyimbo, ya bowo ndi ya mafilimu, ndi okokomeza. Yotseka imakhala yaing'ono ndipo mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono m'munsi, 12 dB pa okitevu (nambala ya Hz ikatsika ndi theka), zomwe zimagwirizana bwino ndi chipinda chaching'ono chotsekeka chomwe chimawonjezera besi chokha. Ya bowo imatulutsa mphamvu yambiri pafupi ndi pomwe bowolo linatchunidwira, koma pansi pake imagwa msanga, 24 dB pa okitevu, ndipo kumeneko sipika imangopupa yopanda choigwira. Nchifukwa chake imafuna chosefera choiteteza. Chipinda chachikulu kapena chotsegukira kwina chimafuna ya bowo kapena zotseka zingapo. Kumbukirani kuti mukatsika okitevu imodzi, sipika iyenera kuyenda mtunda wowirikiza kanayi kuti imveke mofanana. Mukamva bowo likupuma ngati fuu fuu, mwafika pamalire ake, tsitsani.

Funso: Ndikangoyatsa subwoofer imang'ung'uza mosalekeza ngakhale palibe nyimbo. Mnzanga akuti ndidule mwendo wachitatu wa pulagi.

Yankho: Musadule. Mwendo umenewo ndi womwe umakutetezani chipangizo chikawonongeka m'kati n'kuika magetsi pachitsulo chake chakunja.

Zulani chingwe cha mawu cha RCA kumbuyo kwa subwoofer, magetsi ali chiyakire. Kung'ung'uza kukapitirira, vuto lili m'kati mwake ndipo ipite kwa amisiri. Kukasiya, ndiye kuti zipangizo zanu zikufika ku ground kudzera njira ziwiri zosiyana, ndipo kamphamvu kochepa kakuyenda m'chingwe cha mawu pa 50 kapena 60 Hz, malinga ndi magetsi a dziko lanu. Bwezerani chingwecho, muyambe kuzula zolowa mu risiva chimodzichimodzi. Kawirikawiri wolakwa amakhala waya wa mlongoti kapena wa dishi wolowa mu TV kapena mu dikoda. Kachipangizo kolekanitsa ground koikidwa pa waya umenewo kamathetsa nkhaniyo. Yesaninso kulumikiza risiva ndi subwoofer pa soketi imodzi. Ngati zonse ziwiri zili ndi polowera XLR, gwiritsani ntchito pamenepo, makamaka chingwe chikapitirira mamita 5. Chingwe cha mawu chisayende mogundana ndi cha magetsi, ndipo zikayenera kukumana zidutsane mopingasa.

Funso: Ndimakhala m'nyumba yosanja ndipo apansi akudandaula. Kodi mafelemu omeza mawu angathandize?

Yankho: Ayi. Kumeza mawu m'chipinda ndi kuwatsekereza kuti asatuluke ndi ntchito ziwiri zosiyana. Besi imatsekerezedwa ndi kulemera kwa khoma komanso kulekanitsa makoma kuti asakhudzane, ndipo kuwirikiza kawiri kulemera kwa khoma kumangochotsa pafupifupi 6 dB. Imeneyo ndi ntchito yomanga.

Zomwe mungachite nzochepa koma zimathandiza. Ikani subwoofer pa miyendo ya labala yofewa kapena pa thabwa lokhala pa siponji yolimba, kuti kunjenjemera kwa bokosi kusalowe mwachindunji pansi, makamaka ngati pansipo ndi pa matabwa. Miyendo yosongoka yachitsulo imachita zosiyana ndi zimenezi. Kenaka ibweretseni pafupi nanu, pambali kapena kumbuyo kwa sofa, mtunda wosapitirira mita imodzi, mukonzenso mtunda mu risiva ndi kutsitsa gain. Inu muzimva besi yokwanira pomwe nyumba yonse ikulandira yochepa. Dulaninso nsonga zija ndi EQ, chifukwa noti yomwe ikulilima kwa inu ndi yomwenso imawapeza apansi. Usiku yatsani night mode ya risiva, kapena dulani zonse za pansi pa 40 Hz.

Nthawi zina chowasowetsa mtendere si besi yeniyeniyo koma zinthu zomwe ikugwedeza. Ikani kulira koyenda pang'onopang'ono kuchokera 20 mpaka 120 Hz, voliyumu ili pakatikati, muziyenda m'chipinda. Mudzapeza zenera, chitseko cha kabati, felemu ya chithunzi kapena chotchingira nyale chikunjenjemera pa noti yakeyake. Mangitsani zomangira, ndipo pomwe zinthu ziwiri zikugundana ikanipo kachidutswa ka labala kapena ka nsalu yochindikala.